Zitseko Ziwiri Zobiriwira za ku Kasanda

Nyumba za mgodi ku Kasanda zimafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Malata amodzimodzi, mawindo amodzimodzi, ngakhale fumbi lotuwa la mtovu limagwa mofanana pakhomo lililonse. Munthu akalawa pang'ono amakagogoda kwa eni ake. Koma mumzere wa kuseri kwa msika munali nyumba ziwiri zogundana khoma zomwe zinali ndi zitseko zobiriwira. Tsiku lomwe mgodi unatsekedwa, Pius Mbewe anatuluka pageti ndi chitini cha penti, napaka chitseko chake, wotsalayo n'kupatsa mnansi wake Langford Sakala. Anthu awiriwa ankapemphera tchalitchi chimodzi ndipo ankabwerekana mchere.

Pius anali mphunzitsi, kapena kuti kochi, wa timu ya basiketibo ya Nyundo, yomwe mgodi unkailipira. Mgodi utafa, anyamata ankangosewera ndi njala. Kenaka kampani ina yogula katundu wa mgodi inalonjeza kuti Nyundo ikagonjetsa timu ya ku Lusaka m'masewero achipulula, idzaitenga ndi kulemba ntchito osewera pamodzi ndi mphunzitsi wawo. Ndiye itamveka mbiri yoti woyimbira masewero wa ku Ndola sabwera, ayimbira ndi Langford, yemwe nayenso anali refu, Pius anavina pakhonde mopanda manyazi.

M'mawa wa tsikulo anamupeza mnzakeyo akupopa njinga.

"Achimwene, lero wezulo ili m'manja mwa munthu wathu. Mukudziwa kale kuti m'nyumba muno moto sukuyaka."

"Kwanganso sukuyaka," anayankha Langford. "Koma ndiyimba chomwe ndaona, a Mbewe. Musandiyike pamoto."

Josephine, mkazi wa Pius, anamva zonsezi akuchapa. Langford atapita anati, "Atate ake Nora, pakamwa panu ndimapadziwa. Anthu masiku ano ali ngati udzu wouma, alibe ntchito, alibe chotaya. Mukaluza, mubwere kunyumba mwakachetechete."

"Iwe samala mwana, za mpira uzisiye," anatero Pius. Nora, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali chigonere ndi chifuwa, choncho amayi ndi mwana anatsala.

Bwalo linadzaza mpaka pamipanda. Wotchi yamagetsi yomwe inkalira nthawi ikatha inali itagulitsidwa kale pamodzi ndi mipando ya kukalabu. M'malo mwake anapachika chidutswa cha njanji pafupi ndi tebulo, ndipo mkulu wina dzina lake Sailas, wosunga nthawi, ndiye ankachimenya ndi hamala. Masewero anali a wafawafa. Langford akayimbira Nyundo kuti yalakwa, anthu ankabangula. Akayimbira alendo, ankati wayamba kuona. Chakumapeto Nyundo inali kumbuyo ndi pointi imodzi, mpira uli m'manja mwa Chomba, mnyamata wamtali wa ku Katondo. Phokoso linali loti ngakhale bingu silikanamveka. Chomba anadumpha, naponya, mpira n'kulowa mumkombero bwinobwino.

Bwalo linaphulika. Koma Langford, yemwe anaima pafupi ndi tebulo, anali akupingasa manja kusonyeza kuti chigolicho wachikana. Chitsulo chinali chitalira mpira usanachoke m'manja mwa Chomba. Anachimva ndi iye ndi Sailas basi.

Abale, mkwiyo wa munthu wanjala ndi woopsa. Mabotolo anayamba kuuluka, apolisi n'kumukankhira Langford m'chipinda chovaliramo ndi kutseka. Anyamata ankamenya chitseko akukuwa, "Wagulidwa! Refu wagulidwa!" Apa ndipo Pius akanakhala pansi. Ayi ndithu, anakwera pabenchi, maso ali psuu.

"Mukuvutikiranji pano? Njoka imaphedwera kuuna kwake! Kuseri kwa msika wa Kasanda, chitseko chobiriwira!"

Gulu lonse linatembenuka ngati ng'ombe zoona madzi, n'kukhamukira kumsewu. Ambiri mwa iwo sanali a ku Kasanda konse. Pius anatsala m'bwalo akupuma mwaukali, mtima ukumuuza kuti wachita chamuna. Sailas anali akumasula chitsulo chake pang'onopang'ono, ndipo analankhula osatukula mutu.

"Ba Kochi, mwawauza chobiriwira chiti?"

Apa ndi pomwe Pius anazindikira. Pochokera kumsika, chitseko chobiriwira choyamba chinali chake.

Anathamanga. Munthu wamkulu, wamimba, anathamanga mpaka nsapato imodzi inatsalira m'ngalande, iye osaitola. Ankafuna kupemphera koma mawu a Tikuoneni Maria atamuthawa. Asanafike pamsika anamva kale phokoso lake: miyala ikugwa pamalata ngati matalala. Atakhota, anaona khamu litazinga nyumba yake. Mawindo anali atapita. Wina anali akuthira parafini pachitseko chija anachipaka yekha ndi manja ake.

"Lekani! Ndi kwanga kuno! Muli mwana!"

Ndani akanamva? Mawu ake anamira m'phokoso monga chinamirira chitsulo cha Sailas. Anagwira mnyamata wina pamkono, koma mnyamatayo, wosamudziwa n'komwe, anamukankhira pansi. "Chokani mudala, ba Kochi ndiwo atituma!" Pius ali m'fumbi anamva Josephine akukuwa m'katimo, kenaka kulira kwa Nora, kwakuthwa, kamodzi kokha. Zitatero mwana sanamvekenso, ndipo kukhala chete kumeneko ndiko kunamuopsa koposa.

Mwadzidzidzi wezulo inalira, yaitali. Anali Langford. Anali atatulukira pawindo la kumbuyo kwa chipinda chija n'kupalasa njinga kudzera njira zachidule. Anaima pakati pa msewu.

"Mukufuna ine? Ndine pano. Kwanga ndi uku. Umo mukugenda ndi mwa a Mbewe, kochi wanu."

Manja onyamula miyala anatsika. Anyamata anayang'ana zitseko ziwirizo, nayang'ana munthu wogona m'fumbi uja, n'kumuzindikira. Pomwepo chitseko chinatseguka. Josephine anatuluka atanyamula Nora, chitenje chili magazi okhaokha. Mwala unali utadutsa pawindo n'kumupeza mwanayo pankhope ali pamphasa. Khamu lija linasungunuka, aliyense kulowera kwake, miyala ili mbwee pansi.

Josephine sanamuyang'ane mwamuna wake. Anapita kwa Langford. "Achimwene, tithandizeni njinga." Langford anawakweza amayi ndi mwana, nakankha njingayo chothamanga kupita kuchipatala, Pius akutsimphina pambuyo ndi nsapato imodzi.

Moyo wa Nora unapulumuka, koma diso lakumanzere madokotala analephera kulipulumutsa. Kampani ija itamva za chipolowe inabweza lonjezo lake, timu ya Nyundo n'kuthera pomwepo. Zimenezo Pius sanazilire n'komwe. Chomwe chinamuthyola chinachitika tsiku lomwe mwana anatuluka m'chipatala. Atafika pakhomo, Nora anaima n'kuyang'ana chitseko chobowokabowoka, chonunkhabe parafini, akupendeketsa mutu kuti aone ndi diso lotsalalo. Kenaka anagwira dzanja la bambo ake.

"Atate, anthu aja anawauza ndani kwathu?"

Josephine anali chiimire pakhonde, Langford ali pafupi ndi njinga yake. Onse awiri anamusiyira funsolo mwini wake. Pius, mwini pakamwa pomwe paja panagwedeza bwalo lonse, anagwada pafumbi n'kulira ngati mwana.

Mwala umene anautumiza kwa mnansi unadziwa njira ya kwawo. Akulu sananame: choipa chitsata mwini.