Mzere Umodzi pa Fomu ya a Nachisale

Kalekale, komatu si kale la makolo ayi, kale la dzanadzanali mafoni atafika kale m'midzi, ku Mponela kunali namwino wina, mayi Nachisale. Atagwira ntchito zaka zambirimbiri, mwayi unawagwera: chipatala china cha kutsidya kwa nyanja chinawaitana, nkuwalonjeza matikiti awiri a ndege, yawo ndi ya mwana mmodzi.

Pa fomu ya viza panali mzere umodzi wokha wolembapo dzina la mwana wowadalira. Ku ofesi ku Lilongwe kalaliki anawamasulira kuti mwanayo akhale wobereka iwo, wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, komanso woti popanda iwo sangadye. Anawachenjeza kuti akalemba dzina losayenera, fomu yonse ikanidwa, ntchito nayo ipita. A Nachisale anati palibe vuto, ana ali nawo atatu, abwera nawo mawa awaone yekha.

Woyamba anali Limbikani, mwana wawo wachisamba. Koma abale, mayina enawa! Zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndevu mbwee, ntchito yake bawo pansi pa mtengo wa mango. Ngakhale tiyi sankadziwa kuti amayamba ndi madzi kapena masamba. Atamva kuti munthu wamkulu nthawi zina amaloledwa ngati sangathe kudzisamalira, analawirira m'mamawa, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire, nkutenganso anzake awiri a pabawo kuti akamuikire umboni woti ndi wosathandiza. Anzakewo anachitira umboni ndi mtima wonse, mpaka mayi ake anachita manyazi.

"Bwana," anatero Limbikani, "kunena zodalira, pano palibe wondiposa. Ndawadalira amayi zaka makumi atatu ndi ziwiri osapumulako ndi tsiku limodzi lomwe."

Kalaliki anavomera kuti kudalirako kukuoneka, koma ndevu nazo zikuoneka.

Wachiwiri anali Ndaziona, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wobereka iwo ndithu, wanzeru kusukulu ndiponso wolakalaka kukaphunzira kunjako. Apa mtima wa a Nachisale unakhala pansi. Tsoka lake, mtsikanayu akaweruka kusukulu ankaluka anthu tsitsi pamsika, kunyumba nkumaweta nkhuku, ndipo bodza sankalidziwa. Atafunsidwa kuti amamudyetsa ndani, anayankha kuti mwezi ukafika pakati ndiwo amagula ndi iye, sopo ndi iye, ngakhale lezala la achimwene akewo ndi iye, chinkana saligwiritsa ntchito. Mayi ake anamuponda phazi pansi pa tebulo, koma mawu anali atatuluka kale. Kalaliki anafunsa ngati sizingakhale bwino kuti mwanayo ndiye apite, nkuwalemba mayi ake pamzerepo.

Wachitatu anali Mwaiwawo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, komwe sikankagona osagwira chitenje cha a Nachisale. Kalaliki anafunsa ngati anamubereka ndi iwo.

"Eya, ndinamubereka ine. Funsani msana uwu."

Sananametu. Mng'ono wawo atamwalira, anamutenga mwanayo ali wa miyezi itatu, nkumubereka kumsana popita kuchigayo, kumaliro ndi kutchalitchi komwe. Koma kalaliki ankanena kubereka kwinako, kwa m'mimba, ndipo pa satifiketi yobadwira panali dzina la malemuwo. A Nachisale anakwiya. Anati kwawo mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako basi, safunsa pepala. Kalaliki anati akumvetsa, iyenso analeredwa ndi amayi ake aakulu, koma owerenga fomuyo ali kutali ndipo msana sauwerenga. Anati alembe mmodzi pofika Lachisanu masana, akuluakulu akaweruza okha.

Lachisanu linafika. A Nachisale anakhala pakhonde, fomu pamwendo, mutu utaima. Cholembera anachita kubwereka kwa Ndaziona. Akatenga Ndaziona, otsalawo adzadya chiyani? Akatenga Limbikani, anthu a kunjako adzamuyesa mwamuna wawo. Limbikani mwiniwake anasuzumira pazenera nkufunsa ngati kuli choti alawe asanapite kubawo.

Apo Mwaiwawo, yemwe anamva zonse ku ofesi kuja, anadzakhala pansi nkutsamira miyendo yawo.

"Amayi, bambo aja akuti ine si wanu. Ndiye ndine wa ndani?"

A Nachisale misozi inalengeza, cholembera chili m'manja, minibasi ya ku Lilongwe ikuliza hutala kumsewu.

Tsono inu mwakhala apa, musangoseka ndevu za Limbikani. Mmodzi ndi wawo ndipo amawadalira, koma ndi wamkulu. Wina ndi wawo ndipo ndi wamng'ono, koma odalira ndi iwo. Winayo ndi wamng'ono ndipo amawadalira, koma pepala likumukana. Cholembera chija atakupatsani inu, pamzere umodzi uja mungalembe dzina la ndani?