Khomo Lachiwiri

Panali mayi wina wamasiye, dzina lake Nasibeko, amene madzi osefukira anamugwetsera nyumba. Bungwe lina linamangira anthu nyumba zanjerwa kumtunda, zonse zofanana: zipinda ziwiri, khomo limodzi. Nasibeko anamuika pamodzi ndi mwana wake wamkazi ndi mkamwini wake, poti papepala anali banja limodzi. Pakhoma anamatapo malamulo. Lachitatu linkati, wosintha nyumba adzalandidwa.

Tsono kwawoko mpongozi ndi mkamwini sakumanizana maso ndi maso. Wina akamabwera, wina amapatuka. Nanga pakhomo limodzi upatukira kuti? Mkamwini ankaima kuseri kwa nyumba, khasu lili paphewa, kudikira kuti apongozi atuluke. Nasibeko ataona kuti akuzunza ana, anapinda mphasa yake nakakhala m'kachisakasa ka mapesi. Mvula inayamba. Chifuwa chinamugwira.

Tsiku lina kunabwera mayi Chikaonda, woyang'anira nyumbazo.

"Amayi, takumangirani nyumba yamalata, inu n'kumagona kuno ngati mbuzi?"

"Mwananga, iwe apongozi ako aamuna umakhulana nawo mapewa pakhomo?"

Mayi Chikaonda anapita kukaima pa pepala la malamulo lija, naliwerenga kawiri. Kenaka anabwereka hamala kwa mmisiri wa bungwelo, nazungulira kuseri kwa chipinda cha Nasibeko.

"Bwana, lamulo lachitatu!" anatero mmisiri.

"Ndaliona. Asanalande nyumbayi, ayambe andichotsa ine ntchito."

Anamenya khoma. Njerwa yoyamba inagwa, amayi a m'mudzimo nthungululu kuti lililili! Dzuwa lisanapendeke, chitseko chinali chitaima. Nasibeko analowa pakhomo lakelake, mutu uli m'mwamba, ndipo mkamwini anatulukira kwake osazemba munthu.

Akuluakulu a bungwe anabwera atakwiya. Anapeza nyumba zisanu ndi ziwiri zili ndi makomo awiriawiri, poti apongozi enanso amene ankagona panja anali atatengera chitsanzo, ndipo m'zisakasa munalibenso munthu. Anafufuta lamulo lija, nalemba lina: musanamange, funsani mwini nyumba.

Tsono inu amene muli m'makomiti a nyumba, mwamva. Lamulo linabwera kuti munthu agone pouma. Likamugoneka pamvula nyumba ilipo, lalephera ntchito yake, lisintheni. Osati chaka chamawa, osati mpaka msonkhano wina. Nyamukani lero, mukagogode, mukamufunse wokhalamo kuti khomo lake akulifuna mbali iti.