Mpando wa Ndalema

Panali munthu wina amene anapuma pantchito koma osapuma. Moyo wake wonse anali woyendetsa malole, ndipo tsiku limene anabweza makiyi, mantha anamulowa m'mafupa. Tidya chiyani tsopano? Choncho anagaula malo onse a kuseri kwa nyumba, nabzala tomato, mpiru ndi anyezi.

Ana ake anamumvera chisoni. Anamukhomera khonde la matabwa loyang'ana kudimbako, naikapo mpando wa ndalema, uja wansalu wokhala chotsamira. Munthuyo anauyang'ana ngati wamutukwana.

"Ndalema? Ine? Akhalepo olemawo," anatero.

Kuyambira pamenepo khondelo ankangolidutsa, ndowa ili m'manja. Ngakhale pemphero lake la pachakudya linali madandaulo okhaokha: mvula yachedwa, mbozi zachuluka, mitengo ya zinthu yakwera. Mkazi wake, Nasimango, ankati ameni chakudya chitazizira kale.

Kenaka masamba a tomato anayamba kuchita chikasu ndi kufota. Munthuyo mtima unamuuluka. Anati ndi ludzu limeneli, nayamba kuthirira m'mawa, masana ndi madzulo. Tomato anafotabe, iye nawonjezera madzi. Mutu unayamba kumuwawa, maso kuchita chidima. Kuchipatala anamuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, ndipo dokotala sanamubisire mawu: "Bambo, mukapanda kupuma, mupumiratu." Anavomera ndi mutu, koma atangofika kunyumba anatenga ndowa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anagwa pakati pa mizere. Nasimango anamukoka mpaka pakhonde, ndipo panalibenso pena pomukhazika koma pampando uja.

"Bambo a Sekani," anatero mayiyo, "mukufuna mundisiyire tomato m'malo mwa mwamuna?"

Munthuyo anayang'ana ndowa ili gada m'matope, ndi mizere iwiri imene inali isanathiriridwe. Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anachita mantha kwambiri, pakuti anaona kuti imfa yafika pafupi. Ndipo ananena mawu amene anali asanawanenepo kwa munthu aliyense, ngakhale kwa Mulungu.

"Nasimango, ndalema. Chotsa ndowayo, ndisaionenso."

Masiku otsatira anali owawa. Ankakhala pampandopo mtima uli m'mwamba, akuonerera dothi likuuma. Nasimango ankathirira mwa apo ndi apo, ndipo kwa mwamunayo kunali ngati kupha mbewu dala. Tomato wina anafadi, ndipo aliyense wakufayo ankamubaya mumtima. Koma wotsalayo, dothi litauma pang'ono, anayamba kudzuka ndi kuphuka masamba atsopano.

"Mizu nayo imafuna kupuma," anatero Nasimango. "Inu mumaimiza m'madzi."

Tsono mpando wa ndalema uli ndi khalidwe lake: munthu ukaukhalira, nkhope imaloza kumwamba. Ali chigonere choncho, munthuyo anaona mtengo wa papaya kumpanda, utalemedwa ndi zipatso mpaka kupendekeka. Miyezi yonseyo ankadutsa pansi pake chowerama.

"Anabzala ndani papaya uyu?"

"Palibe. Anamera yekha pamene timataya makoko. Mwakhala mukudya mapapaya ake chaka chonsechi, osafunsa."

Munthuyo misozi inayamba kutsika. Anachita manyazi, komanso mtima unamupepuka. Madzulo ake anadyera pakhondepo, ndipo pemphero lake linali lalifupi: "Ambuye, zikomo chifukwa cha zimene sindinathirire." Chakudya anachidya chikadali chotentha.

Abale anga, Ambuye wathu anaitana olema ndi othodwa kuti awapumulitse. Koma adzakupumulitsani bwanji inu amene mumati kulema ndi kwa ena? Mwina chimene chikufota m'nyumba mwanu sichikusowa madzi, mukuchimiza ndi nkhawa zanu. Ikani ndowa pansi, mukhale, munene zoona kuti ndalema. Kenaka muyang'ane kumwamba. Muona kuti mwakhala mukudya za mtengo umene simunabzale, ndipo Mwini wake simunamuuzepo zikomo.