Madzi Oviikira Mphodza

Panali munthu wina wokalamba amene anachitidwa opaleshoni ya pamimba. Anagonekedwa kuchipatala, ndipo ana ake aakazi awiri anabwera kudzamusamalira. Wamkulu anali Esinati, wamng'ono Dolika. Ankaphikira pachitando, pamene osamalira odwala onse amasonkhera moto, ndipo ankasinthana: lero uyu, mawa uyo.

Namwino anawauza kuti bambo awo azidya zopatsa mphamvu kuti bala lipole msanga. Nyama analibe. Chimene anabwera nacho kumudzi chinali mphodza.

Esinati anali wodziwika pa zophika. Paukwati ndi pamaliro, anthu ankaitana iye. Dolika yemweyo anaphunzira kugwira chipande m'manja mwa Esinati, chifukwa mayi awo anamwalira iye ali wamng'ono. Mphodza za Esinati zinkanunkhira chitando chonse. Ankathira anyezi, tomato ndi mafuta, ndipo amayi ena ankatembenuka kuyang'ana mphika wake. Koma bamboyo akadya, mimba inkafufuma. Mpweya unkadzaza, ulusi wa pabala n'kumakoka, iye n'kumabuula atagwira chitsulo cha bedi.

Mphodza za Dolika zinalibe fungo lotere. Zinali zofewa, zosaoneka bwino m'mbale. Koma mkuluyo akadya, ankagona tulo.

Tsiku lina, pa nthawi yoona odwala, wodi itadzaza anthu, bamboyo anakankha mbale ya Esinati n'kunena kuti, "Mwanawe, usandikwiyire. Zako zimakoma pakamwa, koma zikatsika zimandimenya. Za Dolika zimakhazikika."

Esinati anaseka pamodzi ndi anthu. Koma anatola mbale yake n'kutuluka msanga.

Kuyambira pamenepo analeka kuyang'ana mphika wake, n'kumayang'ana wa mng'ono wake. Kufunsa sanafune. Ankati mumtima, "Ine ndifunse mwana amene ndinamubereka kumsana?" Dolika akamupatsa moni, ankayankha mwachidule. Bambo akamwetulira Dolika, iye ankayang'ana pazenera.

Anayamba kumuzonda. Anaona kuti madzulo Dolika amasankha mphodza, n'kuziviika m'beseni, n'kuvundikira. M'mawa amatsanulira madzi aja m'kandowa, madzi otuwa, a thovu, a kafungo kowawasa, ndipo kandowako amakaika kuseri kwa chitando. Esinati atangoona madziwo anaganiza kuti wapeza. "Ndi apa," anatero. "Muli kanthu m'madzi amenewa. N'chifukwa chake amawabisa kuseri. Akufuna kuti bambo azimutama yekha."

Litafika tsiku lake lophika, anadikira kuti Dolika apite kuwodi. Anazemba, natenga kandowa ka dzulo lake, nathira madzi onse mumphika. Anaikamo mphodza zouma, nakoleza moto waukulu. Thovu litakwera, analibwezera pansi ndi chipande kuti pasatayike kalikonse. Anaphula msanga, zisanafewe, pofuna kuti amalize mng'ono wakeyo asanabwerere. Ndipo anadzaza mbale mpaka pakamwa.

Bambo uja anayang'ana mbale, nayang'ana nkhope ya mwana wake. Sanafune kumuchititsanso manyazi. Anadya zonse.

Masana omwewo mimba inalimba ngati ng'oma. Mkuluyo analephera kugona chagada, analephera kugona cham'mbali. Thukuta linanyowetsa pilo. Adokotala atabwera anamugwiragwira, nalamula kuti asadye kanthu mpaka mimba itaphwa. Ananenanso kuti zotuluka m'chipatala, zimene ankayembekezera sabata imeneyo, ziyambe zaima.

Ana awiriwo anabwerera kuchitando. Dolika anapita kuseri, napeza kandowa kali kopanda kanthu.

"Achemwali, ndinu mwanditayira madzi aja? Zikomo. Ndimati ndikataya kudzenje, koma ndinaiwala."

Esinati anaima chilili.

"Kutaya?"

"Eya. Pano amaletsa kukhuthula madzi pabwalo, ndiye ndimayamba ndawaika kuseri."

Esinati anakhala pansi pafupi ndi mafuwa ozizira. Kenaka anati, "Ndaphikira."

Dolika anagwira pakamwa. "Mwaphikira? Achemwali, aja ndi otaya! Zimene zimatupitsa mimba zimatsalira mmenemo. Ndimaviika kuti zituluke. Ndikatsanula ndimatsukuluza bwino, n'kuphikira madzi atsopano. Thovu likakwera ndimachotsa. Ndimazisiya pamoto mpaka zizinyenyeka pakati pa zala, ndipo bambo ndimawapatsa pang'ono. Palibenso china."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

Dolika anayang'ana pansi. "Ndinkaopa. Munandiphunzitsa kuphika ndinu. Ndikadayambira pati? Ndinkadikira kuti mundifunse."

Esinati anakweza maso. Kuchokera pamene anakhalapo ankaona zenera la wodi, ndipo ankadziwa amene akubuula kuseri kwake. Madzulo amenewo anatenga beseni, nasankha mphodza, naitana mng'ono wake.

"Madzi afike pati?"

"Apitirire kwambiri, achemwali. Zimamwa."

Bambo awo anachira, koma anatuluka mochedwa, ali wofooka kuposa mmene akadakhalira. Sanadziwe chimene chinachitika. Ana akewo sanamuuze.

Abale anga, nkhani yathera pomwepa. Taonani chimene nsanje inamuchita Esinati. Sinamulande luso, chifukwa kuphika ankadziwa. Sinamulande chikondi, chifukwa bambo ake ankawakonda. Inangomutseka pakamwa kuti asafunse, kenaka inamuuza bodza lakuti mnzake akubisa kanthu. Munthu wansanje sakhulupirira kuti chabwino cha mnzake chingachokere m'kudekha. Amati pali chinsinsi. Ndiye amazemba kuseri, n'kukatola zimene mnzakeyo wataya kale.

Ndipo amene anamva ululu si Dolika, amene ankachitiridwa nsanjeyo. Anali munthu wodwala amene onse awiri anabwera kudzamusamalira.

Inu mukundimvera apa, alipo munthu amene mukamva akutamidwa, m'mimba mwanu mumatentha. Mwina ndi mng'ono wanu, mwina mnzanu wa kuntchito, mwina wakhala pambali panu pompano. Musamuzonde. Pitani masana, anthu akuona, mukamufunse kuti, "Umatani?" Manyazi ake ndi a kanthawi. Ndipo inu amene mukudziwa kanthu, musadikire kuti wamkulu wanu agwade. Muuzeni lero, wina asanadye.