Ndevu za a Ermete

M'mudzi wonse wa Castelpino munalibe munthu wodziwa bwalo la masewera a boche kuposa a Ermete. Ndiwo ankalisesa, kulithira mchenga ndi kulisalaza, kuseri kwa tchalitchi komwe agogo a agogo awo ankagubuduzirako mipira yamtengo. Koma chimene ankanyadira koposa zonse chinali ndevu zawo, zoyera mbuu, zofika pachifuwa. Ankazisisita asanaponye mpira uliwonse. Akazi awo, mayi Nunzia, ankadandaula kuti theka la msuzi umene amaphika limathera m'ndevumo.

Chowapweteketsa a Ermete chinali pakamwa. Lamulungu lina, vinyo atawakwera m'mutu, anayamba kuputa mlamu wawo a Fulgenzio, ometa anthu m'mudzimo.

"Alamu, inu mpira mumaponya ngati mukupirikitsa nkhuku m'munda."

"Pakamwa pokha ndiye mumatha, alamu," anayankha a Fulgenzio. "Tidzakumane ife awiri pa chikondwerero cha Roko Woyera. Mukadzapambana, ndidzakuseserani bwaloli chaka chathunthu. Koma ndikadzapambana ine, tchire lili kuchibwanolo ndidzalimweta ndekha anthu akuona."

Anagwirana chanza. M'mawa mwake vinyo atachoka m'mutu, a Ermete anagwidwa nthumanzi. Pa boche amapambana ndi amene wayandikitsa mpira wake kwa palino, kampira kakang'ono koyamba kuponyedwa, ndipo dzanja la munthu wogwira lumo tsiku ndi tsiku silinjenjemera. Kupepesa sakanatha, manyazi. Anasankha njira yachidule.

Sabata yonse, masana anthu akadya n'kutseka mawindo kuti apumule, mkuluyu ankazemba kupita kubwalo ndi fosholo. Anapala mchenga mbali ya kumanzere mpaka bwalo linapendekeka pang'ono, mosaoneka ndi maso. Kenaka anazoloweretsa mkono wake: akaponya cha kumanja, mpira unkakhota wokha n'kukagona pambali pa palino. Ankabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Tsiku la chikondwerero a Ermete anali m'gulu la abambo onyamula fano la woyerayo kuzungulira mudzi. Mayi Nunzia anatsala ndi anzawo kukonza matebulo a chakudya pafupi ndi bwalo. Pichesi limodzi linagwa m'dengu lawo, n'kugubuduka lokha kulowera kumanzere. Analitola, naliikanso pansi. Linapitanso komweko.

"Kalanga ine, amuna anga maso ayamba kutha," anatero. "Bwalo lapendekeka chonchi iwo osaona? Amayi, tiyeni tiwabisire manyazi anthu asanabwere."

Posakhalitsa bwalo linali see, ngati tebulo.

Madzulo mudzi wonse unasonkhana, ansembe ali pampando wakutsogolo. A Ermete anasisita ndevu, naponya cha kumanja monga anazolowera. Mpira unayenda molunjika n'kukagunda thabwa la m'mbali. Wachiwiri unatsata mnzake.

"Alamu, palino ali kuno!" anafuula a Fulgenzio. "Kapena mukulonjera azakhali anu ali kumpandako?"

Munthu wina akanasintha kaponyedwe. Koma a Ermete ankakhulupirira fosholo yawo kuposa maso awo. Ankaponya kumanja, n'kuwerama, n'kumaukodola mpirawo ndi dzanja kuti ukhote, koma mpira ulibe makutu. Thukuta linali kamukamu, ndevu zitanyowa. A Fulgenzio atafika pa zigoli khumi ndi chimodzi, kutatsala chimodzi kuti apambane, iwo ali pa ziwiri, a Ermete mtima unawaphulika. Anagwada, nasisita mchenga ndi chikhatho.

"Ndani wakwirira potsetsereka panga paja? Sabata yathunthu ndakhala ndikupala pano, dzuwa lili paliwombo!"

Ansembe anatsokomola. Ndiye mayi Nunzia anatulukira ndi chipande m'manja.

"Ndine, bambo. Ndimayesa ndi ukalamba, kani ndi ukamberembere?"

Phwete limene linabuka pamenepo linamveka mpaka kumunda wa mphesa. A Fulgenzio anaponya mpira womaliza osayang'ana n'komwe bwino, ndipo unakatsamira palino. Mpando anali atabwera nawo kale, sopo ndi lumo zili m'thumba.

A Ermete anakhala pampandopo misozi ili lengelenge, ndipo kunena zoona ankamvetsa chisoni. Ndevu za zaka makumi anayi zinagwera pamchenga umene anapala okha. Lumo litamaliza, panatuluka kachibwano kakang'ono, kotuwa ngati dzira losenda. Mayi Nunzia anakayang'anitsitsa, nakagwira ndi zala.

"Eya, uyu ndiye ndinakwatiwa naye. Unali kuti nthawi yonseyi?"

M'mawa mwake a Ermete anasesa okha ndevu zawo pabwalo, kamphepo kakuwazizira pakhosi. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.