Laputopu ya Malemu NaChisale

Kalekale, koma osati kale loti mpaka tikafunse kumanda, kale la dzana lomweli pamene mafilimu ankayenda m'matumba mwa anyamata pa tifulashi, panali bambo wina wosoka nsapato dzina lake a Kamphinda. Akazi awo, NaChisale, ankalemba makalata pa sukulu ina, ndipo anali ndi laputopu yogula pa kaunjika, yakuda, yolemera ngati mphero. Ana analipo atatu: Lekani woyamba, Dziwani wachiwiri, ndi chitsirizira wamkazi, Tinenenji.

NaChisale anadwala. Ataona kuti ulendo wayandikira, anadzitsekera kuchipinda ndi laputopu ija, nayankhula nayo nthawi yaitali. Kenako anaitana amuna awo.

“Bambo a Lekani, Tinenenji ndikumusiya asanathe msinkhu. Tsiku lomulangiza za ukwati ndikufuna ndidzakhalepo. Mawu anga ndi nkhope yanga ndasiya m'menemu. Musatsegule, ndi za akazi.”

Anamwalira, maliro analiridwa, ndipo patapita nthawi a Kamphinda anakwatira NaMbewe.

Inu mukudziwa kuti mkazi wachiwiri akapeza chitenje cha woyamba, chitenjecho chimasanduka chokolopera. Koma NaMbewe atamva za mawu aja, anapita kwa munthu wogulitsa masola pamsika kukafunsa kasungidwe ka chinthucho. Munthuyo anamuuza kuti batire lili ngati kamwana ka mbuzi: likakhuta mopitirira limatupa mimba, likagona ndi njala nthawi yaitali silidzukanso, ndipo kutentha ndi mdani wake. Kuyambira pamenepo NaMbewe ankainyamula laputopuyo nthawi ndi nthawi kupita nayo ku babashopu kukatchaja, poti kunyumba kunalibe magetsi, n'kukhala pabenchi pakati pa amuna ometa, maso ali pa kachizindikiro ka moto. Kakangopitirira theka, ankazula chingwe. Kunyumba ankaiika m'lichero pansi pa bedi, pozizira, kutali ndi malata.

Amayi anzake ankamuseka kuchitsime. “Anzathu mukulera mkazi mnzanu? Mumupatsenso phala.”

“Wakufa salanda mwamuna,” ankayankha NaMbewe. “Koma mwanayu adzafuna amake.”

Lekani yekha mutu wake unali pa mafilimu a nkhonya. NaMbewe akapita kudimba, iye ankasolola laputopu m'lichero, n'kubayamo fulashi yake. Fulashi imeneyo inali italowa m'makompyuta onse a anyamata oika nyimbo, kuyambira pa depoti mpaka kuseri kwa chigayo, ndipo paliponse inkatolako kanthu. Inabweretsa kachilombo ka khalidwe lachilendo. Sikankadya zinthu ayi. Kankazibisa, n'kuika m'malo mwake zifanizo zopanda kanthu mkati, zofanana dzina ndi maonekedwe, monga mmene wogulitsa wochenjera amaikira makatoni opanda katundu pashelefu kuti golosale ioneke yodzaza.

Tsiku lina a Kamphinda anabwera msanga kuchokera kumsika, n'kupeza nyumba yadzaza anyamata, akukuwa, anthu akuthyolana makosi pa laputopu ya malemu. Anyamata anatulukira pawindo. Mkuluyo anapita kwa aphunzitsi oyandikana nawo kukafunsa funso limodzi lokha: chofufutira ndi chiti? Atawaonetsa, anabwerera, nasesa chilichonse chimene maso awo anaona pagalasipo, nakhuthula ndi kabini ka zinyalala komwe. Mtima wawo unali m'malo. Iwo ankadziwa kuti mawu a munthu amakhala m'mimba mwa chinthu, monga muwailesi, osati m'timaenvulopu tachikasu tooneka pagalasi.

Zaka zinapita. Tinenenji anakula, mnyamata anabwera, ankhoswe anakumana, tsiku linaikidwa. Dziwani, amene tsopano ankakonza mafoni ndi makompyuta pakhonde la sitolo ina kutauni, anabwera kudzathandiza za ukwati. Bambo ake anamuuza kuti ayatse laputopu aone ngati amake ali okonzeka.

Dziwani anayatsa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko.

“Bambo, muli mbee. Ndani anafufuta?”

“Ndinangochotsa zonyansa za mkulu wakoyu.”

“Mwachotsa ndi amayi omwe.”

Tinenenji, amene anaima pakhomo ndi beseni, analiika pansi pang'onopang'ono, nalowa kuchipinda. Sanalire mokweza, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri a Kamphinda. Anavula chipewa, nanena pamaso pa onse: “Amene achititse kuti NaChisale ayankhule kwa mwana wake, laputopuyi ndi yake. Ine ndilibe nayonso ntchito. Yandichititsa manyazi mokwanira.”

Dziwani anapitiriza kufufuza. Anaona kuti chinthucho chikuyenda ngati nkhalamba yokwera phiri, ndipo chikutsegula mawindo amene palibe wawaitana.

“Ili ndi kachilombo,” anatero.

“Tsitsa mawu iwe!” a Kamphinda anathamangira kukatseka chitseko. “Ukufuna mudzi wonse umve kuti m'nyumba muno muli kachilombo, ukwati uli pafupi? Akuchimuna akamva atani?”

“Si kameneko, bambo. Ndi ka makompyuta.”

“Kachilombo ndi kachilombo. Mayi, wiritsani masamba a bulugama, tiifunditse bulangete ituluke thukuta.”

NaMbewe anaikumbatira laputopu ngati khanda. “Mukafuna kufukiza, dzifukizeni nokha. Ichi sichiyandikira moto ine ndili moyo.”

Anzake a Dziwani, atawaimbira foni, onse ananena mawu amodzi: ingoifomata, uyambe pamwamba. Kufomata ndiko kukolopa zonse za mkati, zabwino ndi zoipa. Dziwani anakana, nati kumeneko n'kutentha nyumba pofuna kupha nsikidzi. Chinamugwira mtima n'chakuti makinawo ankanena kuti asenza katundu wambiri pamene maso sakuona kanthu. Thumba lopanda kanthu sililemera. Choncho anaizimitsa, naiyatsanso mwa njira ina imene imadzutsa zofunika zokhazokha, kachilombo kakadali mtulo. Anabayamo fulashi yake yoyera, imene sabwereka munthu ngakhale m'busa, momwe munali pulogalamu yosaka tizilombo. Kusakako kuli mkati, magetsi, amene anali atangofika kumene m'nyumbamo, anachita mwambo wake, anathima. Onse anayang'ana laputopu. Laputopu sinaphethire n'komwe. Batire la NaMbewe linaisenza mpaka kachilombo kanagwidwa, ndi ana ake omwe, n'kuchotsedwa.

Atatero Dziwani analamula makinawo kuti aonetse zonse zobisika. Timaenvulopu tinatumphuka ngati bowa. Pa kena panalembedwa kuti “Tinenenji”. Anakadina.

Nkhope ya NaChisale inatulukira, yowonda, duku lili pamutu. Inayang'ana m'chipindamo ngati ikuwaona.

“Ngati ndiwe mwamuna,” inatero, “tseka.”

Dziwani anatseka msangamsanga, mpaka anatsala pang'ono kudzipana chala.

Pamenepo ndi pamene chinadziwika chinthu chimene mpaka lero chimandiseketsa. Tsiku lija a Kamphinda ankasesa ndi mkwiyo, anasesa zifanizo zokhazokha. Mawu enieni a akazi awo anali atabisidwa kale ndi kachilombo, pamalo pomwe tsache lawo silikanafika. Zimene kachilombo sikanafike pozibisa, monga zithunzi za ubatizo ndi nyimbo za kwaya, zinapita mpaka kalekale.

Chilangizo chinachitikira kumudzi kwa azakhali a Tinenenji, kumene magetsi amangowamvera mbiri. Amayi analowa m'nyumba ndi mkwatibwi, NaMbewe atanyamula laputopu pamutu. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango, Dziwani akuluma zikhadabo, poti ngakhale laputopu ikanazima, iye sakanaloledwa kulowa. NaChisale anali mayi wodziwa kuyankhula, ndipo matenda sanamuchotsere luso limenelo. Anayankhula, nayankhula. Batire linapirira mpaka mawu otsiriza.

Zimene analangiza, amuna sanauzidwe. Tinenenji anatuluka maso ali ofiira koma akuseka. Chimene chinathawa m'nyumbamo, poti pakamwa pa anthu sipakhala loko, ndi mawu amodzi okha a kumapeto: “Ndipo iwe amene udzalowe m'nyumba mwanga, ndikudziwa ulipo pamenepo. Bambowo samva, koma si oipa. Zikomo pondisungira mwana.” Akuti NaMbewe anadziphimba kumutu ndi chitenje, osadzuka mpaka anzake anamugwira mkono.

Ukwati unatha bwino. Dziwani anamuikira mlongo wake mawu aja pafoni. Kenako a Kamphinda anaika laputopu patebulo kuti akwaniritse lonjezo, ndipo manja atatu anatambasuka.

Dziwani anati: “Bambo, apa palibe mlandu. Munali mbee, nonse munaona. Ndani anagwira kachilombo? Ndani anawatulutsa amayi? Ndikanamvera anzanga, bwenzi pano tikulira kachiwiri.”

NaMbewe anati: “Mwanawe, sing'anga amachiza wamoyo. Iwe wabwera dzana ndi kafulashi kako. Ine ndakhala pa benchi ya babashopu zaka zonsezi, tsitsi la amuna likundigwera m'maso. Magetsi atathima anakusenza ndani? Kumudzi kuja ukanalumikiza ku mtengo wa mango? Wanena wekha kuti batire la mtundu umenewu silipezekanso ngakhale kutauni.”

Lekani anakhosomola. Onse anamuyang'ana ngati galu walowa m'tchalitchi.

“Iwenso?” anatero bambo ake.

“Inetu. Mayi anasunga batire, zoona. Mng'ono wangayu anavundukula, zoona. Koma anavundukula chiyani? Chimene kachilombo kanga kanabisa. Ine ndikanakhala mwana wabwino, bambo mukanawasesa amayi ndi manja anu, batire lili lamoyo, Dziwani n'kudzapeza m'nyumba mosesasesa.”

“Ukanakhala mwana wabwino sindikanagwira tsache n'komwe!”

“Mukanaligwira tsiku lina. Inu ndi mabatani simugwirizana.”

“Sunkadziwa n'komwe kuti uli ndi kachilombo,” anatero Dziwani. “Munthu alandire mphotho pa chinthu chimene sanafune kuchita?”

“Bambo sananene kuti amene afune. Anati amene achititse.”

A Kamphinda anakanda pamutu pomwe panali patatha kale tsitsi. Likanakhala thumba la mtedza akanagawa ndi mbale. Koma laputopu ukaigawa patatu, wina atenge batire, wina galasi, wina mabatani, onse atenga zinyalala. Anafunsa Tinenenji, iye anati ali pa ukwati watsopano, sakufuna kuyamba ndi adani atatu. Anafunsa ankhoswe, ankhoswe anati iwo amaweruza za mabanja, za makina ayi.

Ndiye ndaubweretsa kwa inu mlanduwu, poti ambiri a inu mumadziwa kutsutsa mtengo ngakhale wa chinthu chimene simukugula. Laputopu ili patebulo, manja atatu ali m'mwamba. Ipite kwa ndani: kwa mayi amene analera batire kuti mkazi mnzake adzayankhule, kwa mwana amene anachotsa kachilombo n'kuvundukula mawuwo, kapena kwa wosamva uja amene kachilombo kake kanawabisa tsiku la tsache?