Nguluwe Akapala Moto Kuseri kwa Mpanda

Padangotero, ana inu, kalelo nyama zikukoleza moto ngati anthufe. Yankhani kuti tili tonse, ndipo wosinza akasambe m'maso.

Kunali Anungu okhala m'mapanga a m'phiri, ndi Anguluwe okhala kumunsi m'mbali mwa dambo. Pakati pawo panali dimba la mbatata. Anguluwe ankati ndi la agogo awo, Anungu nawonso ankati ndi la agogo awo. Ine kunalibe, musandifunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti Anungu ankalasa, Anguluwe ankaponda, ndipo maliro ankaliridwa uku ndi uko.

Tsiku lina Nguluwe, mkulu wa Anguluwe onse, anati, "Njira ya kumapanga ndi imodzi, pampata paja. Titseke!"

Anadula minga ya kankhande, nakoka, naunjika, uku akuimba:

Munga pamwamba pa munga,
Wolowa palibe, wotuluka palibe!

Kuseri kwa mpanda kunagwa njala. Chakudya chinali kudambo, nkhuni kudambo, mankhwala a chifuwa kudambo. Ana a Mai Nungu anaonda mpaka minga ya pamsana inayamba kuthothoka. M'mawa uliwonse mayiyo ankafika pampanda n'kupempha kuti, "Tsegulani pang'ono, ndikafunire ana chakudya." Alonda a Anguluwe ankangomuyankha ndi nyimbo ija. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Kenako kunagwa mvumbi wa masiku anayi. Anguluwe chaka chimenecho sanafolere nyumba, nthawi yonse inathera pampanda. Madenga anadontha, moto unazima m'mudzi monse. Pamenepo mkazi wa Nguluwe anali m'chikuta, tiana tisanu ndi kamodzi tikunjenjemera.

Machesi kunalibe, ana inu. Moto ukazima, unkatenga phale n'kukapala kwa mnzako, ndipo mwambo sunkalola kubweza wodzapala moto. Nguluwe anayang'ana kum'mawa, utsi palibe. Anayang'ana kumadzulo, utsi palibe. Kautsi kankafuka kumapanga kokha.

"Bambo a ana, tengani phale," anatero mkazi wake.

"Kwa Anungu? Ine?"

"Ngati simukufuna, afunditseni anawa nyimbo yanu ija, mwina ikhala yofunda."

Nguluwe anatenga phale, ulendo wa kumpata. Anakankha mpanda ndi mphuno, munga zi! Anayesa ndi matako, munga zi!

"Mayo ine! Chitsiru chanji chinamanga zimenezi?"

Alonda anayang'anizana. "Ndinu, akulu."

Basi, Nguluwe anatsokomola, n'kuitana ndi kamawu kakang'ono: "Odi kumeneko!"

"Odini," anayankha Mai Nungu kuseri. "Kodi oimba aja ndinu?"

"Ndadzapala moto, mayi. Kwathu kuli chikuta."

Bambo Nungu atamva anadzutsa minga yonse ya pamsana. "Asapatsidwe! Ana athu akugona ndi njala chifukwa cha iyeyu."

"Zoona," anatero Mai Nungu. "Koma tiana tabadwa dzanati, tinakoka nawo minga? Moto sitimana, amuna anga. Mayi anga sanamanepo, sindiyamba ndine."

Anabwera ndi khala limodzi, lofiira ngati tomato. Linali lomaliza, poti nkhuni zinatha ndipo anali atasonkhezera mpini wa khasu.

"Ponyani pamwamba!" anatero Nguluwe.

"Ligwere m'matope? Lina ndilibe."

"Pisani pansi!"

"Pansi pake pati? Simunasiye ngakhale podutsa nyerere."

Nguluwe anaika phale pansi nayamba kukoka minga. Anakoka nthambi, nakoka ina, alonda nawonso n'kuthandiza, mphuno zonse magazi okhaokha. Patatseguka kabowo anasuzumira, ndipo anaona ana a Mai Nungu ataima kumbuyo kwa mayi awo, nthiti zikuwerengeka. Miyezi yonseyi anali asanawaonepo, mpanda unkamubisira. Anagwidwa manyazi oti akanatha kulowa pansi.

Koma khala linali litayamba kuda.

"Likuzima! Nkhuni!" anakuwa Mai Nungu.

Nkhuni zouma zikanachoka kuti, mvula yonse ija? Zinali pamphuno pawo pomwepo. Minga ya pansi pa mpanda inali youma gwa, chifukwa Anguluwe anaunjika mwaluso. Anathyola, nasonkhezera, Nguluwe akuuzira mbali iyi, Bambo Nungu akuuzira mbali iyo, masaya tuu. Moto lawilawi!

Nguluwe anathamangira kuchikuta ndi phale lodzaza makala. Tiana titafundidwa, anabwerera atasenza dengu la mbatata, mkazi wake atamulamula kuti lisabwerere ndi kanthu. Anaotcha pamoto wa minga ija, ana a Anungu anadya mpaka timimba ndi! Tsiku limenelo mpanda wonse unathera pamoto, ndipo alonda anasintha nyimbo:

Munga pamwamba pa moto,
Wolowa alowe, wotuluka atuluke!

Za dimba lija mukuganiza kuti zinatha pomwepo? Ayi ndithu. Anakangana mwezi wathunthu, Bambo Nungu akuloza mzere uwu, Nguluwe akuloza mzere uwo. Koma ankakangana atakhala pansi, aliyense mbatata ili m'manja, mpaka anagawana mizere. Ana awo anakulira limodzi, ndipo maliro a nkhondo sanamvekenso.

Nthano yanga yafika pamapeto, ana inu, ndipo muitenge motere: ukatsekera mnzako njira wadzitsekera wekha, ndipo mtendere umayamba tsiku limene ana a mbali zonse adya.